Msomali wa Buluku Langa

Wokondedwa mlongo wanga,

Muli bwanji kumeneko ndi ana? Nanga msana uja unakusiyani? Kuno tadzuka, bondo lokhali ndi lomwe silimva kukamba. Akulemba kalatayi ndi atelala oyandikana nafe, ine ndikungoyankhula, ndiye mukaona mawu okhota muwafunse iwowo.

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi mayi wogulitsa makala pageti, osati wa m'nyumba muno ayi. Akuti akamwini anakuimbirani foni kuti musese nyumba yanga ija, ndiponso kuti mwana wanu wa lole adzanditenge akamabwerera. Za ulendo wanga, ine mwiniwake kumvera kwa wamakala. Ndiye ndati mumve kaye mbali yanga musanagwire tsache.

Paja mukudziwa kuti mwana wanga nesi uja ntchito inamuthera. Kuchipatala kwawo anachotsa mabenchi odikirirapo, ati odwala ambiri masiku ano akuonana ndi dokotala pafoni, ali chigonere kwawo. Anatsala ndi manesi ochepa, obaya jakisoni ndi kutsuka mabala. Enawo anangouzidwa kuti akayese kwa olemba ntchito atsopanowa, amene nesi wawo amakhala kunyumba, maso pa kompyuta, kumamvetsera odwala ali kutali.

Anthu amenewa kalembedwe kawo n'kachilendo. Kulibe kupita ku ofesi, kulibe kugwirana chanza. Tsiku la mafunso nkhope ziwiri zinangotulukira pa kompyuta. Mwanayu amapeza mtsempha pakadzanja ka khanda anzake atalephera, koma zimenezo sanamufunse. Ankafuna kudziwa ngati netiweki imagwira, ngati amatha kulemba uku akuyang'ana munthu kumaso, ngati ali ndi chipinda chotseka. Kenaka anati atembenuze kompyutayo, aone chipinda chonse.

Chipinda chakecho ndi chomwe ndimagona ine. Anaona matiresi, anaona buluku langa pamsomali, anaonanso mwini bulukulo atakhala pakona. Nanga alendo akundiyang'ana, ndikanatani? Ndinawalonjera. Mmodzi wa iwo, mayi wamagalasi, anafunsa kuti ndili bwanji, ine n'kumufotokozera za bondoli, kuyambira tsiku lomwe ngolo inandigwera. Ndisanafike n'pakati pomwe, wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa mpanda anayatsa chopalira chake, phokoso lija lolowa m'mano. Nkhope zija zinati zidzamuyesanso kamodzi, koma zikadzamva munthu kaya chitsulo, basi zitenga wina.

Akamwini mlandu wonse anaukoleka pakamwa panga. Chitsulo sanachitchule n'komwe. Apa m'pamene anakuimbirani. Chikwama changa anachitsitsa pamwamba pa kabati n'kumachipukuta fumbi, ati akungoyeretsa m'nyumba.

Nditamva kwa wamakala, ndinawauza akamwiniwo pamaso kuti ine si thumba loti wa lole angoponya kumbuyo. Mwanayu ndinamubereka kumsana mayi ake atatisiya, amuna anzanga akundiseka, inu ndinu mboni. Kuno anandiitana ndi iyeyo. Ngati n'kundithamangitsa, andithamangitse yekha ndi pakamwa pake.

Iye sanandithamangitse, komanso sanandiikire kumbuyo. Anakhala pamatiresi paja, nati:

"Bambo, matenda a munthu si nthano. Inu mukamva za wodwala mmodzi, mawa msewu wonse wadziwa. Ndipo ntchito iyi ikandiphonya, nyumba ino tituluka tonse."

Zinandibaya, koma sananame. Pakamwa panga ndimapadziwa. Matiresi ndinakoka ndekha mpaka pabalaza, chipinda n'kumusiyira. Koma kutuluka m'chipinda n'kwina, kukwera lole n'kwina.

Dzana ndiye linali tsiku loyesedwanso. Akamwini anati ndikakhale kumsika mpaka madzulo. Ndinanyamula mpando, koma kumsika sindinafike. Ndinakakhala pakhomo pa wowotcherera uja. Ndinamufunsa ngati anamvapo za mmisiri amene anawotcherera chitseko cha ndende iye ali m'kati. Anati madala, nthawi ndilibe. Ine ndinangoyamba. Akati agwire chopalira, ine ndimafika pokoma penipeni n'kuima, ndipemphe madzi. Amene anabwera kudzatenga mawindo awo anakhala pansi, mpaka kumamukalipira kuti asayatse chinthucho, amve kaye. Mmisiri wa m'nkhaniyo ndinamuzunguza m'ndende muja, ndinamukwatitsa kwa mwana wa mlonda, ndinamudwalitsa, ndinamuchiritsa. Kukhosi kunauma gwa, koma sindinaleke mpaka mwana wanga anatsegula zenera n'kundikupizira thaulo kuti mafunso atha.

Amulemba ntchito, mlongo wanga. Wowotcherera naye walonjeza kuti chopalira azikayatsira kumapeto kwa bwalo lake, bola ndisadzabwerenso kudzamuphera tsiku. Ndavomera zoti asamutse chopaliracho. Zinazo tiona.

Musaganize kuti zonsezi zandikomera. Anzake a mwanayu achikulire, amene manja awo ndi ofewa pa wodwala koma olimba pa kompyuta, adakali pakhomo opanda ntchito. Ndipo ine sindikumvetsabe kuti munthu ungamudziwe bwanji kutentha thupi osamugwira pamphumi. Koma ngati ntchito yasamukira m'nyumba, isamuke idzatipeze momwemo. Isabwere kudzatulutsa eni nyumba.

Pempho langa n'limodzi. Mumuuze wa lole asavutike kukhota kuno, mafuta akewo asunge. Nyumba ija musasese. Ngati nkhuku zanu zikuikiramo, zisiyeni ziikire.

Dzulo m'mawa ndinadzidzimuka ndi kulira kwa hamala. Kutsegula maso, akamwini azula msomali uja m'chipinda, akuukhoma pakhoma la pabalaza, pamwamba pa matiresi anga. Moni sanandipatse. Anapachika bulukulo, chikwama n'kuchibwezera pamwamba pa kabati. Atafika pakhomo anatembenuka, ati paja wamakala akuti sindinamalize, kodi mmisiri uja anatuluka bwanji m'ndende? Ndinawauza kuti akhale mtima m'malo, nkhani imeneyo ndi yaitali, itenga zaka.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse ndi adzukulu, osaiwala wa lole. Mwana wanu nesi akuti azakhali asamalimbe mtima ndi msanawo, amuimbire, tsopano kuona odwala pafoni ndiye ntchito yake. Atelala akuti dzanja latopa.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
mwini pabalaza.