Pakhoma Patsala Msomali Wokha

Chawama, Lusaka
2 Disembala

Akulu anga a Chifundo,

Muli bwanji kumudziko? Nanga amayi, miyendo ija ikutupabe? Kuno tilipo, kungoti mvula yasandutsa njira za m'Chawama kukhala mitsinje.

Munalemba kuti amayi akufuna chithunzi cha kubadwa kwa Yesu chija anasiya malemu atate chiwapeze Khirisimasi isanafike. Sichibwera, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa.

Mukuchikumbuka bwino: chopanda utoto, mizere yakuda yokhayokha, Mariya ataweramira khanda modyera ng'ombe, mbusa wina ataphimba maso chifukwa cha kuwala kochokera pamwanayo. Wansembe amene atate ankamuphikira powapatsa anati anachipanga mmisiri wa ku Ulaya zaka mazana atatu zapitazo, pozokota chitsulo n'kudinda papepala. Ife tinkangolimbirana kuwerenga nkhosa.

Lamulungu ndinapita ku Matero kwa achimwene a Edwell, amene ankachisunga, kukachitenga. Pakhoma ndinapeza msomali wokha. Alamu athu a Felistus anandiuza, opanda ndi manyazi omwe, kuti anaitana ba Pasita Nsofwa kudzapempherera nyumba poti makala awo sakuyenda malonda. Apasitawo akuti mumdima wa m'ngodya za chithunzicho munkabisala ziwanda, ndiye alamuwo anachitentha pambaula. Achimwene anangoti ni vinthu vakudala, ati zinthu zakalekale. Tonse tinakulira pansi pake, lero ndiye chayamba kuthamangitsa ogula makala!

Pepalalo sindikulilira kwenikweni. Chondipweteka n'chakuti palibe anaganiza zolitembenuza. Kumbuyo kwake atate analembako dzina ndi tsiku lobadwa la mwana aliyense, kuyambira mwana woyamba wa amayi uja anamwalira ali khanda tonse tisanabadwe. Manda ake kuno alibe chizindikiro. Ndayesa kukumbukira dzina lake, landithawa. Achimwene nawo sakulidziwa, ndipo sizikuwakhudza.

Pempho langa ndi limodzi. Mwati amayi ayamba kuiwalaiwala. Tsiku limene adzuke mutu uli bwino, mukhale nawo pansi, muwafunse dzinalo, mulilembe. Za motowo musawauze, muziti ndasowa womupatsira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Koma chonde musazengereze, akulu anga. Amayi akangoliiwala dzinalo, mwana uja tamuika m'manda kachiwiri.

Ndine mng'ono wanu,
Dyness