Sitinatuluke M'nyumba ya ku Evington

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine Tadala. Ndachedwa kukulemberani chifukwa nkhani yake imandichititsa manyazi. Ndiyambe ndi zokoma: mkazi wa mchimwene wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha Esinati, dzina lanu. Mdzukulu wanu Chisomo watalika kundiposa. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Titangobwerako kumaliro anu, bambo a Chisomo anavulala msana ponyamula wodwala kuntchito, n'kukhala pakhomo miyezi yambiri. Malipiro anga a unesi sanakwane kubweza ngongole ya nyumba yathu ino ya ku Evington, kunja kuno. Makalata a ku banki ankabwera, ine n'kumawabisa m'galimoto osatsegula. Nditalimba mtima n'kutsegula imodzi, ndinapeza akuti atitengera kukhoti, atilande nyumba. Nyumba yomwe munagonamo mutabwera kudzationa, Amayi, muja munkadandaula kuti masitepe akukupwetekani mawondo.

Lamlungu lina pochokera kutchalitchi ndinanyamula Mayi Zulu, mnzanga wa ku Chipata uja. Anaona maenvelopu aja m'galimotomo. Anangotsegula chikwama n'kutulutsa yawo, yofanana ndendende. Ndinaimika galimoto pambali, tinalira, kenako tinaseka. Paja munkati, "Chilonda chobisa m'nsalu chimanunkha."

Tinayamba kufunsa ena mwakachetechete. Tinapezana mabanja angapo a banki yomweyo, kuphatikizapo a Mehta, bambo wachimwenye amene shopu yawo ya ku Belgrave inatsekedwa. Tinkakumana pabalaza panga Loweruka masana, mpaka tinalemba kalata imodzi, tonse n'kusaina. A banki anati sakambirana ndi gulu, aliyense abwere payekha. Tinavomera, koma wolowa ankalowa ndi mnzake, enafe n'kukhala pamipando panja kudikira. Tsiku langa ndinalowa ndi a Mehta. Iwo ndiwo anayala patebulo mapepala a dokotala a bambo a Chisomo, n'kumayankhula pang'onopang'ono mpaka mtima wanga unakhala pansi.

Atichepetsera zolipira pamwezi, zaka n'kuwonjezera. Sitinatuluke. Koma kwa Mayi Zulu sizinatheke. Nyumba anagulitsa, pano akuchita lendi kutali, ku Hyson Green. Ndinawathandiza kukulunga mbale m'manyuzipepala, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamsewu wawo wakale ndimayang'ana kumbali.

Chimene ndimaopa kukuuzani ndi ichi. Kuti a banki avomere, ndinapereka ndalama zonse zimene ndinkasungira chiliza chanu. Mukugonabe pansi pa mtanda wathabwa uja. Ndikudziwa mukanandikalipira kuti denga ndi la amoyo, komabe mundikhululukire.

Bambo a Chisomo ayambanso ntchito, yopepukirako. Mvula ikatha chaka chamawa ndidzabwera ku Ntcheu, ndidzaimirire pomwepo mmisiri akulemba dzina lanu pamwala, asaphonye ngakhale chilembo chimodzi.

Ndimakukondani, Amayi.

Mwana wanu,
Tadala