Ndinali Liwu M'khutu mwa a Pendry

Ruaka, Nairobi
21 Okutobala 2024

Okondedwa Achemwali a Esnat,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Area 25 pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo ndikangomva mukuseka ndimayambiranso kunama. Kalatayi ndapatsira a Tumbikani, aja amagwira ntchito ku Gigiri, akubwera kumeneko Lachisanu. Muiwerenge muli nokha.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukuuzani kuti ndimasewera m'zisudzo ndi m'mafilimu. Achemwali, nkhope yangayi sinaonekepo pakanema aliyense. Ntchito yanga ndi yonong'oneza mzungu wokalamba mawu oti anene.

Dzina lawo ndi a Clive Pendry, a ku Mangalande, ndipo ali ndi zaka 78. Anayamba zisudzo kwawo ali mnyamata. Aonekapo m'mafilimu oposa sikisite, koma palibe ngakhale imodzi imene nkhani yake inali ya iwo. Ndi aja amatsegulira bwana chitseko, dokotala wopukusa mutu pambali pa bedi, wansembe wodalitsa ukwati wa eni ake. Amanyadira kuti anafa kokwana ka 23 pakanema, kawiri konse filimu isanafike n'komwe pakati. Anthu amawadziwa nkhope, dzina ayi. Kuno anabwera kudzasewera ngati DC wa nthawi ya atsamunda. Filimuyo itatha iwo anatsalira ku Lang'ata, poti filimu iliyonse yonena zakale imafuna mzungu wofiira nkhope woti azikalipira anthu.

Pamene ndinkamaliza maphunziro a zisudzo kuno, mutu wawo n'kuti utayamba kutaya mawu. Ndiye amavala m'khutu kachipangizo kakang'ono ngati nyemba, ine n'kukhala kuseri kwa makatani ndi maikolofoni. Musaganize kuti ndi kungowerenga. Umayenera kuwatsogolera pang'ono chabe: ukafulumira amapunthwa, ukachedwa amangoti kukamwa yasa. Ndinaphunzira mpaka kapumidwe kawo. Kenako ndinayamba kuwapatsa ndi kanenedwe komwe, pokwiya n'kukwiya, polira n'kulira, iwo n'kumangotsatira. Anthu n'kumati mdalayu akumka nakoma ndi ukalamba. Ine kuseriko ndikupukuta thukuta.

Chaka ndi chaka ankandigwira paphewa. "Mabvuto, mwana wanga, dekha. Ndikuyankhulira kwa akuluakulu." Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekhadi, Achemwali, mpaka imvi zayamba.

Chaka chino mayi Nyokabi, amene amatsogolera masewero pa holo ina ku Lang'ata komweko, anakonza sewero lolemekeza a Pendry. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo anapatsidwa mbali yaikulu: mlimi wachizungu wokalamba amene akukana kuchoka pamunda. Mbali yachiwiri inali ya kapitawo wake, ndipo anapatsa bambo wina wa ku Kisumu. Tsiku lina tikuyeserera, bamboyo anachedwa pamsewu, minibasi imene anakwera, kuno amati matatu, itakanirira pamdipiti wa magalimoto. Mayi Nyokabi anandipempha kuti ndingoimirira m'malo mwake. Ndinasewera mbali yonseyo wopanda pepala, poti sewero lonse linali m'mutu mwanga.

Pa nthawi ya tiyi mayi Nyokabi anandikokera pambali.

"Aki, zoonadi Mabvuto, wandipweteka mtima. Unakaniranji?"

"Ndinakana chiyani, mayi?"

"Mbali imeneyi. Ndi mafilimu awiri aja. Katatu konse ndinakupempha kudzera kwa Mzee Pendry, poti ndiwe munthu wawo. Anati umachita chibwibwi magetsi akakuwalira, ndipo ndisakuchititse manyazi pokufunsa."

Tiyi uja sindinamumalize. Ine chibwibwi? Inu mukudziwa kuti kwathu ankandithamangitsa pakhonde chifukwa cholongolola.

A Pendry ndinawafunsa tsiku lomwelo ndikuwaperekeza kunyumba. Sanakane, ndipo manyazi sanachite.

"Ukakwera pasiteji, m'khutu mwangamu mukhala ndani?" anatero. "Iwe nthawi ukadali nayo. Ine ndilibe."

Ndinangoti chabwino, bwana. Ndimo mmene tinaleredwera, wamkulu sitimuyankha. Koma ndinakwiya, Achemwali, mkwiyo umene sindinaumvepo chibadwire. Milungu itatu yonse imene seweroli linkaonetsedwa ndinawanong'oneza bwinobwino, mtima uli phuthuphuthu.

Tsiku lomaliza linali Lamulungu masana. Holo inadzaza, akazembe, atolankhani, ngakhale a Malawi anzathu angapo. Kumapeto kwa seweroli mlimi uja amatsala yekha pasiteji n'kuyankhula mawu ataliatali otsanzikana ndi munda wake. A Pendry ananena chiganizo choyamba, n'kudikira chachiwiri. Ine ndinachotsa chala pabatani la maikolofoni, n'kupinda manja.

Anadikira. Anagwira khutu. Anatembenuka n'kuyang'ana kumakatani kumene ndinali, koma magetsi ankawathobwa m'maso. Anayang'ana manja awo ngati si awo. M'holo monse munali zii. Kenako ndi liwu laling'ono, losakhala la m'sewero, anati, "Uli kuti? Usandisiye." Misozi n'kuyamba kutsika. Ndikuvomera kwa inu kuti kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma. Wotseka makatani ataona kuti zavuta anatseka.

Mukudziwa chimene chinachitika? Anthu onse anaimirira n'kuwomba m'manja, ena akulira. Ankayesa kuti sewero linalembedwa choncho. M'mawa mwake nyuzipepala ina inalemba kuti m'zaka zawo zonse a Pendry sanasewerepo mogwira mtima chotero. Munthu wina wa ku London amene analipo wawapatsa mbali yaikulu m'filimu yonena za nkhalamba imene ikuiwala zinthu. Ndinawayankhulira zaka zisanu ndi ziwiri, anatchuka pang'ono. Ndakhala chete kamodzi, atchukiratu. Mwayi wa mnzako sungaulande ndithu.

Koma mayi Nyokabi amavala zomvera m'makutu zimene zimamva zonse za kuseri. Anadziwa kuti chipangizo sichinafe. Anandipeza ndikukulunga mawaya.

"Pole, pepa, ndikudziwa kuti Mzee anakulakwira," anatero. "Ndimafuna ndikupatse mbali m'sewero la mu Febuluwale. Koma munthu wosiya mnzake yekha pasiteji sindingamuike pasiteji yanga. Ndipo Nairobi ndi yaing'ono, anzanga akandifunsa sindidzanama."

Khomo limene linanditsekukira koyamba ndinalitseka ndekha, ndi chala chimodzi. Apa ndiye pamene pakundiwawa kwambiri, chifukwa palibe woti ndimuloze.

Lachiwiri a Pendry anandiitanitsa kunyumba kwawo. Anandithirira tiyi okha, chinthu chimene sanachitepo.

"Kachipangizo kaja kanafa, eti?" anafunsa, maso ali pa ine.

"Kanafa, bwana."

"Tigule kena. Filimu ija tikuyamba kujambula mu Januwale, milungu khumi. Ndawauza kuti popanda iwe sindipita."

Sindikudziwa ngati akudziwa n'kumangobisa, kapena ngati anaiwaladi. Ndi munthu wa zisudzo, nkhope yake singakuuze. Ndinawayang'ana akumwa tiyi wawo, ndinadana nawo, ndinawamveranso chisoni. Ndinaganiza za zaka zanga 39 ndi ntchito imodzi yokhayi imene ndatsala nayo. Achemwali, ndavomera. Pasipoti ndapereka kale.

Musandiyankhe ndi mavesi, chonde, ndawawerenga onse. Chimene ndikupempha n'choti zimenezi zithere pa inu. Alamu muwapatse moni, koma musawauze, mukudziwa pakamwa pawo. Mwana wanu Misozi mumuuze kuti nsapato zake ndidzatumiza ndisananyamuke, ndipo alimbikire masamu. Akanenanso zoti akufuna kudzakhala wa zisudzo ngati amalume ake, mumuuze kuti masamu ndi abwino.

Amayi muwapatse moni wanga wochokera pansi pamtima. Ndikudziwa kuti anauza amayi onse a Mvano kuti mwana wawo ndi wa pakanema, ndiponso kuti amakana kuti ana asinthe tchanelo poopa kuti ndingadutse iwo osandiona. Musawalande zimenezo lero, shuga wawo sali bwino. Koma akakufunsani kuti ndioneka liti, musawauzenso kuti posachedwa. Muzingoti Mabvuto ali bwino, akudya, ndipo amawakumbuka. Ana aja muwalole aziona makatuni awo.

Ndine mlongo wanu,
Mabvuto