Kabati ya Bambo Yakana Kutuluka

Lamulungu, pa 10 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumalankhula nokha, ine n'kumangoti "eya, eya" ngati mwana wa sukulu. Lero mumve zanga, ndipo muwerenge mpaka pansi.

Ndasamuka dzulo. Chipinda chija munkati ndichisiye ndalowamo. N'chaching'ono, zenera lake lapenya khoma la eni nyumba, koma kuntchito ndiziyenda wapansi, osatinso mabasi awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndili ndi zaka 27, achimwene. Tsiku lonse ndimapereka mankhwala kwa odwala osalakwitsa ngakhale m'bulu umodzi, koma ndikafika kunyumba mayi amandifunsa ngati ndinavala juzi. Inu munachoka pakhomo muli ndi zaka 19, bambo anakunyamulirani sutikesi mpaka kudepoti, akuuza aliyense panjira kuti mwana wawo wakula. Ine kungotchula zosamuka, mwandiimbira katatu sabata imodzi. Munati ndipirire chaka chimodzi. Chaka chatha munanenanso zomwezo. Chifukwa chenicheni simunandiuze, ndipo ndicho chandigwiritsa cholembera lero.

Lamulo la bambo kushedi mukulikumbukira: thabwa lisadulidwe munthu asanayeze khomo lomwe katunduyo akadutse. Wofuna kabati akabwera, bambo ankayamba apita kwawo ndi tepi m'thumba, pensulo kukhutu. Akalipentala anzawo obwerera ndi katundu atakana kulowa m'nyumba za eni ankawaseka mpaka misozi. Inuyo lamulo limeneli munalidyera khofi, tsiku lija munakhoma tebulo musanayeze. Musati mwaiwala.

Nditanena kuti chipinda ndachipeza, mayi anatha masiku awiri osandilankhula, mbale zokha ndizo zinkalankhula kukhitchini. Bambo sanatsutse. Anangoti mzime wawo sangakapachike zovala pamsomali ngati mwana wopanda kwawo, andipangira kabati. Denga la shedi likudontha masiku ano, choncho matabwa anadulira konko, koma kulumikiza anadzalumikizira m'chipinda mwanga, ndi guluu ndi misomali yobisika, monga amachitira akafuna kuti chinthu chikafike kwa adzukulu. Masabata atatu ndagona ndi fungo la vanishi. Kabati yake ndi yokongola, achimwene, ndisaname: zitseko ziwiri, galasi mkati mwa chitseko chimodzi, madilowa atatu oyenda osalira.

Dzulo m'mawa galimoto inafika. Dalaivala ndi mnzake anainyamula kabati ija, kufika pakhomo la chipinda, gu! Anaipendeketsa, anaigoneka chammbali, anachotsa madilowa, anaiyesa chafutambuyo. Inakana. Inaposa khomo ndi zala zitatu.

Ndinawauza bambo, pamaso pa anthu achilendo, kuti achita dala. Ndinati zaka makumi anayi akuyeza makomo a eni, lawavuta bwanji la m'nyumba mwawo momwe? Ndinati akufuna ndikalambire m'chipinda chimenechi, ndiziwachapira malaya mpaka imvi mbuu. Ndinanenanso zina zoti sindingazilembe papepala. Dalaivala anangoyang'ana nsapato zake.

Bambo anadikira ndimalize.

"Ndinayeza, mwanangu," anatero. "Ndinayeza katatu."

Anandilozera pafelemu ya chitseko. Panali manambala atatu olembedwa ndi pensulo, imodzi pansi pa inzake, onse osiyana. Ndinatenga tepi n'kuyeza ndekha. Pa atatuwo panalibe yolondola ngakhale imodzi. Ndinawagwiritsa tepi ija, ndinaika chala changa pa nambala, ndinati awerenge. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anapita nayo pazenera. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuibweza m'thumba.

Zotsalazo anandiuza mayi kukhitchini, atandifulatira, akutsuka kapu yotsukatsuka kale. Chaka ndi theka tsopano akhala akuwawerengera bambo tepi. Ine ndikawaona akupita kushedi ndinkati akukapereka tiyi, nthawi zina n'kumawaseka kuti chikondi chabukanso kuukalamba. Koma pa kabati iyi anakana. Akuti anawauza bambo kuti iwo sangawerenge manambala otulutsa mwana wawo m'nyumba, ngati akuifuna kabatiyo aione okha. Bambo anayezadi okha katatu, n'kusankha nambala yapakati. Kenako mayi anawonjezera kuti inu mukudziwa zonse, munagwirizana kuti ine ndisauzidwe, ndingade nkhawa.

Ndingade nkhawa! Achimwene, moyang'anizana ndi kuntchito kwanga kuli dokotala wa maso. Ndimapatsana naye moni tsiku ndi tsiku. Chaka ndi theka maso a bambo akuzima, ine ndikugona chipinda choyandikana nawo, inu muli kutali uko mukudziwa, n'kumandiimbira kuti ndipirire. Munkafuna ndikhale mlonda wosadziwa chimene akulondera. Mukanandiuza ngati munthu wamkulu, mwina ndikanakhala, mwina ndikanapitabe, koma wosankha ndikanakhala ine. Inu munandisankhira muli pampando wanu wofewa, chifukwa ine ndikakhala pakhomo inu mumagona tulo. Mawu aja kwa bambo ndinanena ndine, sindikana, ndipo adzandiwawa mpaka kale. Koma dzenje lomwe ndagweramo mwakumba ndinu ndi mayi.

Ndinatuluka kukhitchini ndikulira, ndinamuuza dalaivala kuti azipita, sindisamukanso. Bambo anamuletsa. Anapita kushedi, anabwera ndi hamala ndi tchizulo. Anachotsa chitseko, kenako anayamba kuzula felemu, akupapasa ndi zala pomwe pali misomali. Sanaphonye ngakhale umodzi, ndipo khoma silinagumuke kupatula kachidutswa kamodzi pamwamba. Kabati inadutsa, n'kutsala mpata wa chala chimodzi. Anaiperekeza mpaka pagalimoto, akukalipira anthu aja kuti chingwe chisakhudze vanishi.

Ndinawagwira mkono, ndinati bambo, ndikhala, nanga muziona bwanji.

"Pita, mzime," anatero. "Ukakhala chifukwa cha maso angawa, ndiye kuti ndakukhomera bokosi, osati kabati."

Ndinayesa kupepesa, anandidula pakamwa, anati ndikakhale kumbuyo ndizigwira chitseko chagalasi chingasweke m'mabampu. Ndinakhaladi kumbuyo. Kabati ili pano tsopano, yadya theka la chipinda. Zovala zikadali m'zikwama. Chitseko chagalasi chija sindinachitsegule.

Tsono tamverani, ndipo ili si pempho lofuna yankho la "tiona". Lachiwiri ndikupita nawo bambo kwa dokotala, ndapempha kale tsiku kuntchito. Lamulungu lililonse ndizikawaona. Koma kukagonanso kumeneko sindibwerera, ndipo musandiimbirenso nkhani imeneyi. Foni yanu ija muziimbira iwo. Muziwafunsa zimene akupanga kushedi, muwalole akufotokozereni za matabwa mpaka khutu litenthe, monga ndachitira ine zaka zonsezi. Ndipo mubwere. Ana anu bambo anawaona komaliza wamng'onoyo akukwawa. Sindikudziwa kuti dokotala akanena chiyani, koma ndikanakhala inu sindikanadikira tchuthi cha chaka chamawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mkwiyo wangawu iwo suwakhudza. Ana muwapsompsone. Mayi akupereka moni. Ine akundiyankha mawu amodziamodzi, koma anandilongedzera sefuliya yawo yabwino ija osandiuza, ndaipeza m'dilowa lapansi. Bambo ati ndikuuzeni kuti ali bwino ndithu ndipo ntchito ikuyenda. Ndalemba monga anenera.

Ndapitako kwathu lero masana. Chitseko chija chikadali chotsamira khoma m'kolido, felemu pambali pake, misomali anaiwongola n'kuisunga m'kachitini. Ndinati ndiwathandize tichibwezeretse, tepi ndiwawerengera ine. Anakana. Ati chipinda chopanda munthu sichifuna chitseko, adzachikhoma tsiku lomwe kudzabwere wogonamo.

Chipinda chimenecho, achimwene, chinali chanu ndisanalowemo ine.

Ndine mlongo wanu wokwiya, koma wanube,

Mzime