Nthutumba ya pa Khirisimasi

Santry, Dublin
9 Januwale 2011

Okondedwa achemwali a Louisa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo wawo uja ukuwalola kupita kumunda? Pa funso limeneli mundiyankhe zoona, osati zongofuna kuti mtima wanga ukhale pansi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Ngakhale eni dziko akudandaula.

Ndakhala chete nthawi yaitali. Chifukwa chake mukuchidziwa, ndipo ndichitchula m'kalata muno, popeza ine kubisa sindikudziwa.

Ntchito ndikadali pomwe paja, kunyumba yosamalira okalamba. Atidulira maola koma sanatichotse. Kuno zinthu zathina, achemwali, amati risesheni. Nyumba zomwe ankamanga mothamanga zija zangoima zopanda mawindo, ndipo ana a eni dziko nawonso akuthawira ku Australia kukasaka ganyu. Bwalo la ndege tili nalo pafupi, ndiye ikadutsa pamwamba pa denga ndimangoti apo apitanso ena.

Ndikuuzeni za anthu amene ndikukhala nawo, chifukwa pa foni sindinalongosolepo bwino. Ndi banja la a Manfred ndi a Lois. A Lois ndi a ku Zomba, ndi namwino pachipatala chachikulu cha ku Beaumont. A Manfred ndi a ku Chipata, ndiye akamayankhula chilichonse chimayamba ndi mawu akwawo akuti manje, ife timati tsopano. Ana alibe, ndipo sindinamvepo wina akumuloza mnzake chala pa nkhani imeneyi. Bambowa ankajambula mapulani a nyumba, koma kampani yawo inatseka mu Okutobala. Tsiku lomwelo anawauza akazi awo ali pakhomo, nsapato asanavule. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu anga. Sanadikire kuti a Lois adye kaye kapena apume kaye.

Ndinati basi, m'nyumba muno mwalowa nkhondo. Mukudziwa mmene mwamuna wa kwathu amakhalira ntchito ikamuthera, ngakhale mphaka akadutsa wapalamula. A Manfred ayi. Anangotenga epuloni ya akazi awo n'kulowa kukhitchini. Achemwali, munthu ameneyu amaphika! Kuli masamba ena kuno otchedwa kelo, olimba ngati chikopa, koma iwo amawatendera ndi chiponde cha m'botolo mpaka umaiwala kuti si nkhwani. Futali wawo ndiye musanene. A Lois akamachokera ku naiti amapeza phala la mpunga lili pamoto, masokosi awo akufunda pa hita. Tsiku lina ndinawanena pamaso kuti anadyetsedwa khuzumule. Anaseka n'kunena kuti ngati ndi choncho ndiye anadzithirira okha, popeza mphika ndi wawo.

Chodabwitsa china ndi masewera awo. Awiriwa anakumana ku Germany ali pasukulu, ndipo kumeneko anaphunzira kutsetsereka pa sinowo. Amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, amawatcha masiki, ndodo ziwiri m'manja, n'kudziponya kuchokera pamwamba pa phiri. Anthu akuluakulu, ophunzira bwinobwino! Chaka chilichonse kukazizira amakwera ndege kupita kumapiri a ku Austria, mwina ku Slovakia. Akuti pokwera phirilo amakhala pa mipando yolendewera pa chingwe, miyendo ili lende m'malere, iwo akutafuna mtedza wokazinga ndi chigumu chochokera kunyumba, chifukwa chakudya cha kumeneko ndi chodula komanso chopanda mchere. A Lois amati m'phiri monsemo akuda amakhala awiri okha, moti mwana wina anawayang'anitsitsa mpaka kukalowa m'mpanda. Zithunzi zili mbwee pa filiji. Chimene ndimachikonda ndi choti a Lois agwa chagada, a Manfred agwada pambali akuwamasula nsapato, onse akuseka chikhakhali. Katundu wa masewerawa ali ndi kachipinda kakekake pafupi ndi changa. Ndinawauza kuti kwathu kachipinda kotere kamalera ana mpaka kukwatira.

Chaka chino ulendo unalephereka chifukwa cha ntchito ija. A Lois anangoti mapiri sathawa. Ndiye onani nthabwala za Mulungu: sinowo inawalondola pakhomo. Mu Disembala inagwa mpaka mabasi kuvuta, ndege kuleka kuuluka, madzi kuuma m'mapaipi. Anthu akulira, awiriwa akuvina. Anatulutsa masiki kupita pa kachitunda ka m'paki yapafupi, nanenso anandikoka. Ndinagwa, achemwali, ngati thumba la chimanga lochoka pa njinga. Agogo ena achizungu oyenda ndi galu anaima n'kuyamba kuwomba m'manja, ndipo ndinawayankha m'Chichewa mawu oti sindingawalembe muno. Koma ulendo womaliza ndinatsika mpaka pansi osagwa, ndikukuwa ngati mwana. Chimwalirireni bambo ndinali ndisanasekepo choncho.

Tsopano nkhani ya mlongo wanu Overstone, amene tili naye kunoyu.

Mukudziwa kuti chiyambire Epulo sindinamuyankhule. Mbali yake munaimva, imvaninso yanga. Bambo atamwalira mu Malichi, amalume analamula kuti ndisauzidwe kufikira nditalemba mayeso a kosi yanga, ati ndingadwale ndili kutali. Nonse munavomera. Zimenezo mwina ndikanazimeza. Koma mlongo wanuyo, akudziwa kuti bambo ali m'manda, anandiperekeza kutauni kukawagulira jekete. Ndinamuyeza iyeyo m'mapewa, popeza msinkhu wawo unali umodzi, ndipo nditamufunsa ngati bambo akakonde mtundu wake anati akaukonda. Maliro ndinawamvera kutchalitchi, kwa mayi wina wosamudziwa n'komwe amene anandigwira dzanja kundipepesa.

Ntchito yake yonyamula katundu kufupi ndi bwalo la ndege inatha mu Novembala, ndipo chipinda chomwe ankachita lendi anachisiya. Wakhala akugona pansi kwa anzake, lero kuno mawa uko. A Lois anazimva kutchalitchi. Sabata ya Khirisimasi anandikhazika pansi n'kundiuza mosazungulira kuti akufuna kumuitana pa chakudya, komanso kuti kachipinda ka masiki kakhoza kukhala kake mpaka atapeza pogwira. A Lois anali asanamuuze Overstone zimenezi. Anati ine ndi amene ndinayamba kulowa m'nyumbamo, ndiye sangandiikire munthu woti ndikamuona chakudya chizindiima pakhosi. Anandiuzanso kuti mlongo wanuyo akapanda kupeza pogona, mwezi uno wa Januwale ukatha akwera ndege kubwerera kumudzi chimanjamanja. Ndinati pa chakudya abwere, tebulo ndi lanu, koma za chipinda ndakana. A Lois anangoti chabwino, osaonjezera ulaliki. Ichi ndicho ndimawalemekezera mayi amenewa. Akanandilalikira ndikanapeza poyambira.

Nkhuku za m'masitolo a kuno zimabwera m'mimba muli mbee, zofewa ngati buledi. A Manfred anati Khirisimasi yopanda nthutumba ndi Lolemba wamba. Tsiku loti mawa ndi chikondwerero anayenda wapansi m'sinowo mpaka pakati pa tauni, kwa ogulitsa nyama ena achisilamu, n'kubwera ndi nkhuku yolimba ngati ya chikuda, yokhala ndi zam'kati zake zonse. Anaphika mpunga wa kilombero womwe a Lois anausunga chichokereni kumudzi, kabichi, chigumu cha nthochi, ndi thobwa loyeserera lomwe linatuluka bwino kuposa la azakhali, koma musakawauze. Mtengo wa Khirisimasi anaukoleka timasiki ting'onoting'ono tomwe amagula paphiri lililonse lomwe afikako. M'nyumba monse munali fungo la kwathu.

Mlongo wanu anafika ataonda, kajekete kopyapyala, nsapato zitanyowa. Anandipatsa moni, ine ndinayankha ndikuyang'ana filiji. Titapemphera, a Manfred anapakula nthutumba n'kuiika m'mbale ya mlendo, monga mwa mwambo. Mukukumbuka kwathu: nthutumba inali ya bambo, ndipo tsiku lomwe inasowa mumphika nyumba yonse inayankha mlandu. Ife ana aakazi tinkangoiona ikudutsa. Ndinati mumtima, ehe, si uyu bambo watsopano wa banja, walandira mpando.

Iye anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaitola ndi supuni n'kuiika m'mbale mwanga. Anati gawo la bambo silikumuyenera. Anati m'sitolo ya jekete muja mawu anafika pakamwa, koma mantha a amalume anaposa chisoni chomwe anandimvera, ndipo mlandu umenewo ndi wake, sangaukankhire kwa wina. Sanalire. Akanalira ndikanamutulutsa ndi tsache.

 A Lois anayamba kufunsa amuna awo za mchere ngati kuti mchere ndi nkhani yaikulu. Ine ndinamuuza kuti nthutumba sidzutsa akufa, ndipo kupepesa kochedwa kuli ngati mpunga wa dzulo. Anati ndi zoona. Ndinadya zanga zonse, nthutumba ili pambali mpaka kuzizira. Pochotsa mbale ndi pamene ndinaidya, ndili chiimire kukhitchini. Achemwali, ndi yolimba, ilibe kukoma koti anthu n'kumazengerana milandu. Koma inatsika. A Manfred anandiona, anangotembenuka n'kumakwecha poto woyera kale.

Tsiku limenelo ndinamusiya apite. Pa Nyuwere a Lois ali kuntchito ndinatsekula kachipinda kaja n'kuyamba kututa masiki, ndodo, ndi nsapato zolemera ngati miyala, kukazilowetsa kunsi kwa bedi langa. Matabwawo ndi aatali, akutulukira kumiyendo, moti m'mawa uliwonse ndimapunthwa n'kumutchula mlongo wanu ndi maina amene amayi sanamupatse. A Manfred atandipeza ndikukoka katundu anangoti manje pafunika matiresi.

Analowa Lachiwiri. Ndamuikira malamulo awiri: mbale azitsuka ndi iye, ndipo dzina la amalume lisamveke m'nyumba muno. A Manfred ayamba kumuphunzitsa kuphika, dzulo wapsereza nyemba. A Lois akuti zinthu zikadzayenda tidzapita tonse ku Austria. Ndavomera, kuti ndikamuone akugwa.

Amayi muwauze kuti mwana wawo ali ndi pogona. Musawauze kuti takhululukirana, chifukwa likhala bodza, ndipo mabodza m'banja mwathu akwana. Ndikudziwa anena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Muwauze kuti fupa limatsamwitsanso.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna usipa kapena chitenje. Mundilembere mmene bambo anamwalirira. Zonse. Anadwala chiyani, anali ndi ndani pambali, ananena zotani, anandifunsa kapena sanandifunse, munawaveka chiyani, munaimba nyimbo ziti, manda awo ali mbali iti. Overstone nayenso kunalibe, akungodziwa za pa foni. Inu munalipo. Musandisankhire zofewa zokha, mwandisankhira kokwanira. A Lois akuti tsiku lowerenga kalata yanuyo adzapempha ofu kuti akhale nane pafupi, ndiye musaope kuti ndikomoka ndekha.

Jekete ija ikadali m'sutikesi momwe ndinaipindira. Ndikumuona mlongo wathuyu akunjenjemera m'kajekete kake akamapita kosaka ntchito, ndipo ndikudziwa kuti imamukwana, popeza ndinamuyeza ndekha. Koma idikira kalata yanu. Bambo ndiyambe ndawaika, kenaka ndiwone zogawa zovala zawo.

Mupereke moni kwa amayi, muwasisite mwendowo m'malo mwanga. Moni kwa alamu a Tarsizio, kwa ana anga Norbert ndi Blessed, muwauze kuti mayi awo aang'ono anatsika phiri pa matabwa osathyoka khosi. Moni kwa azakhali ndi onse a pakhomo. Amalume muwapatse moni ngati mukufuna, koma musanene kuti wachokera kwa ine.

Yankhani msanga, achemwali. Mukachedwa, wozizidwa ndi mlongo wanu.

Ndine mng'ono wanu,
Maness