Khutu la amuna anga latseka, ndipo ndinawachedwetsa ndine

Aphungu,

Amuna anga ndi amakaniko. Kugalaja amadziwika kuti akangotchera khutu pa injini, amatchula chomwe chavuta asanatsegule n'komwe boneti. Mwezi watha anadzuka khutu lakumanzere lisakumva, likungolira ngati mwalowa njuchi. Ine ndinaseka, n'kunena kuti, "Mwasankha dala khutu la mbali yomwe ndimakhala ine, kuti musamamve madandaulo anga." Iwo ankafuna kupita kuchipatala tsiku lomwelo, koma ndinawaletsa, ndinati ndi phula la m'khutu chabe. Ndinawathira mafuta ofunda, kenako mankhwala odontheza amene anatipatsa alamu anga.

Tinapita kuchipatala patatha milungu itatu. Adokotala a makutu atawayeza anati vuto lili m'kati mwenimweni, ndipo anatifunsa kuti, "Munali kuti masiku onsewa?" Anawapatsa mapiritsi, koma anati chiyembekezo n'chochepa.

Amuna anga sanandikalipirepo, ndipo n'zimene zikundipweteka. Akaweruka amangokhala duu pakhonde. Dzana nditadutsira kugalaja ndinawapeza akutembenuzatembenuza mutu, kufunafuna komwe phokoso la injini likuchokera, anzawo akungoyang'anana. Tsiku lobwerera kuchipatala layandikira, koma akuti sapitanso. Ndiwapepese bwanji, nanga ndiwanyengerere bwanji?

E.T., mkazi wa makaniko

Mayi E.T.,

Munalakwitsa ndithu, koma simunachite mwadala. Ambiri amaganiza za phula ngati inu, osadziwa kuti khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, mankhwala amathandiza kwambiri masiku oyambirira.

Apepeseni kamodzi, mwachindunji, muli awiriwiri, wailesi itazimitsidwa. Musalire mpaka iwo n'kuyamba kukutonthozani inu. Mwina chawakhazika chete si mkwiyo, koma mantha oti ntchito yawathera. Afunseni, ndipo adikireni ayankhe.

Kuchipatala abwerere basi, ndipo mupite nawo. Kumeneko akawayezanso, ndipo mukafunse ngati pali chipangizo chothandiza kumva chimene chingawayenere. Akakana kumvera inu, pemphani mnzawo wakugalaja amene amamulemekeza awalankhule. Umakaniko sunathe. Maso ali nawo, manja ali nawo, ndipo khutu limodzi likugwirabe ntchito. Limenelo aziliteteza, azivala zotsekera m'makutu pogwiritsa ntchito makina aphokoso.

Mafuta aja asiyeni kukhitchini, ndipo musathirenso chilichonse m'khutu popanda adokotala. Mukangoona kuti lakumanja layamba kulira kapena kuchepa mphamvu, kapena akumva chizungulire, musadikire mawa kapena maganizo a achibale. Agwireni dzanja, mupite tsiku lomwelo.