Mtima Anaupereka kwa Yomna

Tanta, Lamulungu

Wokondedwa mng'ono wanga Sawsan,

Mtendere ukhale nawe pamodzi ndi onse a pakhomo pako. Kaya mukudzuka bwanji ku Aswan ndi dzuwa lanu loswa mtengo lija? Bondo la bambo a kunyumba kwako linaleka kuvuta? Kuno tili bwino, koma thupi lokha. Zamkati ndi zimene ndatengera cholembera, pakuti pa foni umangondidula mawu.

Mwana wako Hazem wakhoza mayeso aja a chifuwa, khosi ndi mutu. Lulutira pang'ono, kenaka ukhale pansi undimvere.

Ukudziwa kuti chibadwire mwana ameneyu saloweza kanthu popanda kukapachika pa munthu. Kusukulu ya udokotalayi mayina a ziwalo ndi ochuluka ngati mchenga, ndiye iye anatitola tonse n'kutilowetsa m'thupi. Achimwene Fathi anawaika kummero, ati chodutsa pamenepo sichibwerera. Mapasa a msuweni wathu Samira ndiwo mapapo, popeza wina ndi wonenepako. Mitsempha khumi ndi iwiri yotuluka mu ubongo ndi anthu a m'nyumba yathu yosanjayi, kuyambira wogulitsa mafuta onunkhira pansi paja, amene anamupatsa mtsempha wa fungo. Iwe uli pa lilime. Usakwiye, ngakhale ine ndinavomereza.

Tikatha kupemphera m'mawa ankayendayenda m'khonde, kutitchula mmodzimmodzi, ine ndili kukhitchini ndikuseka. Za malo anga sindinafunse. Ndikanafunsiranji? Mwana ndalera ndekha chimwalirireni bambo ake, ndiye ndinkadziwa kuti mtima ndi wanga. Ndinkangoti akuchita manyazi kunditchula ine ndikumva.

Lachisanu lililonse masana anzake a m'kalasi ankabwera kudzawerengera kuno. Pakati pawo pali mtsikana wina dzina lake Yomna, mwana wa wogulitsa mankhwala kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndi wowonda, wofatsa, waulemu mpaka kunyansa. Ndamufufuza paliponse kuti ndimupeze chifukwa, koma ayi ndithu, ndipo zimenezo n'zimene zimandipsetsa mtima.

Tsiku lina ndikulowa ndi tiyi, ndinamva Hazem akuti Yomna ali ndi zipinda zinayi. Akuti magazi otopa amalowa kwa Yomna cha kumanja, amapita kwa mapasa a Samira, n'kubwerera kwa Yomna ali ofiira bwino. Mtsikanayo maso ali pansi, anzakewo akungogwedeza mitu ngati nkhani yakalekale. Sawsan, tauni yathu yonse ya Tanta inkadziwa kupatula ine mwini mwana.

Ndinatula tiyi uja, n'kufunsa moseka kuti nanga ine ndili pati. Mnzake wina wapakamwa, Wagdi, ndiye anathamangira kuyankha. Ati amake Hazem, inu ndinu otchuka kalasi yonse, ndinu mtsempha wa mawu. Ati mtsempha umenewu, m'malo mongolowa pa kholingo pafupi pomwepo, umatsika mpaka m'chifuwa, kukazungulira kunsi kwa mtsempha waukulu wa mtima, ndiye n'kubwerera kukhosi. Hazem n'kuwonjezera kuti amayi anga akafuna kunena kuti mchere watha, amayambira pa ukwati wa agogo.

Onse anafa nazo, ine ndinasekerera nawo. Ndinapempha kuti andionetse m'buku, ndipo ndinachita kuvala magalasi kuti ndidzione. Kanthu kowonda ngati ulusi! Mwana wa eni ali pakati pa tsamba, wofiira, wamkulu ngati nkhonya, ine ndikumuzungulira kunsi. Ndinakalirira kukhitchini, n'kunamizira anyezi.

Madzulo ake Hazem anandiuza zimene ndinali nditaziona kale. Ati mayeso akatha, akufuna ine ndi achimwene Fathi tipite kwa makolo a Yomna kukamufunsira mbeta, tikawerenge Fatiha, pemphero lija lomangira chitomero. Ndinamuyankha kuti atume mtima wakewo ukamulankhulire, ulusi supempha mkazi. Ndinalumbira kuti phazi langa silikaponda pakhomo pamenepo mpaka atandiika pamalo panga.

Iye anangoti chabwino amayi.

M'mawa mwake ndinamva Hazem m'khonde akuti amayi ali ndi zipinda zinayi. Ndinaima ndi supuni m'manja kudikira kuti ndikondwe, koma chimwemwecho sichinabwere. Mawu ake anali ngati a mwana womukakamiza kupepesa. Ankati magazi amalowa kwa amayi, n'kukhala duu, n'kuyambiranso. Tsiku lina anafika poti magazi amatsika, amazungulira, n'kubwerera kukhosi, kenaka ndinamva akudzimenya ndi buku pamphumi.

Kudya analeka. Ndinamuphikira masamba a mphesa okulunga mpunga amene amawafera aja, anangotolapo awiri. Wagdi anandipeza pamasitepe, nthabwala zonse zitamuthera. Ati mayi, mnzathu mwamusokoneza, mwasuntha njerwa imodzi ndipo khoma lonse likugwa. Ati mayeso ake ndi apakamwa, mphunzitsi amangoloza chiwalo ndi kandodo, ukachita chibwibwi basi wabwereza chaka.

Ukuganiza kuti ndinafewa pomwepo? Ayi. Ndinakhalabe masiku angapo ndikudziuza kuti azolowera, mayi ake sangamuvute pakamwa mpaka kalekale. Nsanje ndi matenda oipa, mng'ono wanga. Ndinkaona mwana akuwonda, koma ndikaganiza za kamtsikana kaja ndinkaumanso mtima.

Mayeso atatsala pang'ono, m'mawa wina anapunthwanso pa dzina langa katatu konse. Ndinatuluka kukhitchini manja ali ufa okhaokha. Ndinamuuza kuti amubwezere mwana wa eniyo pamalo pake, ndisadzamve kuti dokotala analephera chifukwa cha mayi ake. Anandipsompsona dzanja, ufa n'kumumata pamphuno, ndipo ndisanafike n'kukhitchini komwe anali atayambapo.

Sawsan, mawu anayenda ngati madzi a pampopi. Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Ndinaima kuseri kwa chitseko ndikupempha mumtima kuti aiwaleko kamodzi kokha, kungonditonthoza, koma ayi. Ndipo dzinalo amalitchula mofewa, ngati akuopa kuti lisweka. Langa sanalitchulepo chotero, ngakhale ali wakhanda.

Ndiye wakhoza, ndipo aphunzitsi ake akuti anamuyamikira. Anthu akubwera kudzandigwira chanza, ine ndikuwagawira maswiti ndikumwetulira ngati munthu.

Tsopano imva pempho langa. Kwa makolo a Yomna tikupita Lachinayi likudzali. Achimwene Fathi ukuwadziwa, maso awo adzakhala pa mbale, ndiye wolankhula ndine. Pakamwa panga ndikupaopa. Kwera sitima ubwere, udzakhale pafupi nane, ndipo ukadzangoona ndayamba kufunsa ngati mtsikanayo amatha kuphika, udzanditsine pantchafu mosandimvera chisoni. Sindikufuna kumuwonongera mwana wanga chinthu chimene amachitchula mofewa chotero.

Iwe unakwatitsa kale wako wamwamuna, ndipo pa ukwati wake unavina mpaka nsapato kuduka. Ndinkayesa kuti unali wokondwa. Undiuze zoona, iwe ndi ine: kodi chinthu chimenechi chimatha, kapena munthu umangophunzira kumwetulira nacho?

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumba kwako, ana onse, ndi mpongozi wako yemwe, ngati mukulankhulana. Mulungu akusunge panjira, akufikitse kuno usanachedwe.

Ndine mkulu wako,
Nagwa, amake Hazem